Galimoto yanu yakale: muikonze kapena mugule ina?

Funso limeneli limakonda kubwera pa tsiku loipa. Makaniko watseka boneti, akupukuta manja, wakutchulirani mtengo umene simumauyembekezera, ndipo kunyumba akuti atopa nayo, ingogulitsidwa basi. Tsiku limenelo musagamule chilichonse. Itengereni kunyumba ngati ikuyenda, kapena ikokeni, mupeze kope ndi cholembera, mudzipatse masiku angapo.

Ndinene maganizo anga poyambirira. Kuno kwathu ambiri tikamati tigula ina, sitikunena yatsopano ya m'shopu. Tikunena galimoto ina yakale, yochokera ku Japan kapena kwa munthu wina m'tauni momwemuno, yomwe yayenda kale zaka zambiri m'manja mwa anthu amene sitidzawaona. Ndiye kuti mukusankha pakati pa magalimoto awiri akale, ina yoti matenda ake mukuwadziwa, ina yoti simukuwadziwa. Pachifukwa chimenechi ine ndimapendekera ku kukonza, makamaka ngati galimotoyo ndi ya mtundu wolimba ngati Corolla, Probox kapena Hilux. Koma pali magalimoto ena oti kuwakonza n'kutaya ndalama, ndipo masitepe ali m'munsiwa ndi okuthandizani kudziwa kuti yanu ili mbali iti.

1. Lembani zimene yakudyerani m'miyezi 12 yapitayi

Fufuzani malisiti, mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba omwe munalipirira ku galaja, ndi zomwe mukukumbukira. Mukalemba, gawani pawiri. Mbali imodzi muike zinthu zomwe zimatha pa galimoto iliyonse: oyilo, mafyuluta, mapulagi, matayala, mapadi a mabuleki, batire, mabushi, mashoko, kilachi. Mbali inayo muike zowonongeka zenizeni, monga kuwira, kufa kwa pampu ya mafuta, kukana kulowa giya kapena kupsa kwa mawaya.

Anthu ambiri akachita zimenezi amadabwa kuti ndalama zochuluka zili mbali yoyamba. Zimenezo si umboni woti galimoto yatha. Misewu yathu imadya mabushi ndi mashoko a galimoto ina iliyonse, ndipo imene mukuisirirayo idzafunanso matayala. Chomwe muyang'anitsitse ndi mbali yachiwiri. Kodi ndi vuto limodzi lomwe likubwerabwera chifukwa silinakonzedwe bwino, kapena mwezi uliwonse kukufa china chosagwirizana ndi cha mwezi watha? Vuto limodzi lobwerezabwereza nthawi zambiri limasonyeza kuti makaniko sanalipeze gwero lake kapena akuika masipeya achinyengo. Mavuto osiyanasiyana otsatizana ndiwo amasonyeza ukalamba.

Lembaninso kuti yakusiyani panjira kangati. Galimoto yomwe imalira m'mawa uliwonse koma ili ndi phokoso kumiyendo ndi yosiyana kwambiri ndi yomwe simungayerekeze kupita nayo ku Mzuzu.

Ndalama zomwe munaika kale musaziwerengere posankha. Mawu akuti "ndaikapo kale zambiri, sindingaigulitse" agwetsa anthu ambiri m'dzenje lozama. Zomwe zinapita zinapita. Tikuwerengera za kutsogolo zokha.

2. Yambani ndi pansi pa galimoto

Apa ndiye pagona nkhani. Injini imasinthidwa, giyabokosi imasinthidwa, mipando imasokedwa, koma bodi ndi chasisi zikavunda kapena kupindika, zonse zomwe mungamangirirepo zikhala pa maziko ofooka.

Tsukitsani galimoto pansi pomwe, kenako muiike pa dzenje la ku galaja. Mutsike nokha m'dzenjemo ndi tochi ndi sikuludiraiva, musangomva za m'maluwa. Yang'anani zitsulo ziwiri zazitali zomwe zimayenda kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, malo omwe mashoko amamangirirapo, m'munsi mwa zitseko, ndi momwe mumakhala tayala lapadera. M'kati vundukulani makapeti, makamaka ngati galimoto imalowa madzi nthawi ya dzinja. Paliponse pomwe pali dzimbiri, bayani ndi sikuludiraiva. Dzimbiri la pamwamba limangonyenyeka, chitsulo n'kumalira bwinobwino pansi pake, ndipo limenelo amapala n'kupaka penti. Koma sikuludiraiva ikalowa ngati mukubaya buledi, pamalo pomwe pamangiriridwa shoko kapena mwendo, galimotoyo yafika kumapeto.

Dziko lathu lili kutali ndi nyanja yamchere, choncho galimoto yomwe yakhala kuno zaka zambiri nthawi zambiri pansi pake pamakhala pabwino. Zovunda kwambiri zimakhala zomwe zinabwera kale ndi matendawa kuchokera ku Britain kapena kumadera ozizira a ku Japan, komwe amathira mchere m'misewu nthawi ya chisanu.

Chachiwiri ndi ngozi zakale. Onani mipata ya zitseko ndi boneti ngati ili yofanana mbali zonse. Funsani mnzanu ayendetse galimotoyo pamsewu wowongoka inu mukutsatira m'mbuyo, muone ngati ikuyenda cham'mbali. Ngati mwachititsa alignment (kuwongola kaimidwe ka matayala) kangapo, mabushi ndi atsopano, koma matayala akudyekabe mbali imodzi, n'kutheka kuti chasisi inapindika. Pa Hilux ndi magalimoto ena omwe bodi imakhala pamwamba pa chasisi yakeyake, wowotcherera waluso akhoza kukonza mng'alu waung'ono. Pa magalimoto ang'onoang'ono monga Corolla, Vitz kapena Sienta, bodi yomweyo ndiyo mafupa a galimoto, ndipo ikapindika n'kuwongoledwa ndi moto silimbanso ngati kale. Tsiku la ngozi ndi pomwe zimenezi zimaonekera.

Pansi pakalephera mayeso awa, musataye nthawi ndi masitepe 3, 4 ndi 5. Pitani ku sitepe 6.

3. Injini: musamve za m'kamwa, yezani

Mawu akuti "injini yatha, ikufunika overhaul" amatuluka msanga m'magalaja ambiri (overhaul ndi kumasula injini yonse n'kusintha zomwe zadyeka m'kati). Nthawi zina ndi zoona, nthawi zina vuto ndi laling'ono. Mayeso otsatirawa ena mukhoza kuchita nokha.

Lizani galimoto m'mawa isanatenthe, wina aime kumbuyo aone utsi. Utsi wabuluu ndi oyilo amene akupsa. Ukangotuluka polizapo n'kusiya pakapita kanthawi, nthawi zambiri ndi timphira ta mavavu tomwe tauma, ndipo ntchito yake si yaikulu. Ukamatuluka nthawi zonse, makamaka mukaponda moto pokwera chitunda, ganizirani za maring'i a mapisitoni. Utsi wakuda ndi mafuta ochuluka omwe sakupsa bwino, ndipo gwero lake limakhala fyuluta ya mpweya yotsekeka, sensa yakufa kapena mainjekita. Umenewu sufuna kumasula injini. Utsi woyera wambiri womwe sukusiya ngakhale injini yatentha, madzi a mu radiyeta n'kumachepa popanda pomwe akudontha, ndi chizindikiro cha gasiketi ya hedi. Kanthunzi koyera ka m'mawa wa June kasakuopseni, ndi chinyezi chabe.

Injini ili yozizira, tsegulani chivundikiro cha radiyeta, lizani, muone ngati mukutuluka thovu mosalekeza. Musadzatsegule radiyeta yotentha, madzi ake amasupula nkhope. Onaninso pa dipisitiki: oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka wasakanikirana ndi madzi.

Kenako yezani kadyedwe ka oyilo. Imikani galimoto pamalo athyathyathya, dzazani oyilo kufika pa mzere wapamwamba wa dipisitiki, lembani makilomita. Mukayenda makilomita 1,000 imikaninso pamalo omwewo, muthire mpaka pa mzere uja, muone kuti walowa wochuluka bwanji. Injini yakale yomwe ikufuna kapu imodzi ikhoza kukutumikirani zaka zina mukamaiyang'anira. Yomwe ikufuna lita yathunthu kapena kuposa, pansi posadontha, ikufuna ntchito yaikulu.

Mayeso ofunika kwambiri ndi a compression, oyeza mphamvu yomwe silinda iliyonse ikupanikizira mpweya, ndipo satenga ngakhale ola limodzi. Makaniko amachotsa mapulagi, n'kuika geji pa silinda iliyonse, n'kupukusa injini. Muimirire pomwepo mulembe manambala nokha. Chofunika kwambiri n'chakuti masilinda onse akhale oyandikana. Imodzi ikatsika kwambiri kusiyana ndi anzake, auzeni athire oyilo wokwana supuni imodzi m'silindamo ayezenso. Nambala ikakwera, vuto ndi maring'i. Ikapanda kusintha, vuto lili kumtunda, ku mavavu kapena gasiketi, ndipo ntchito ya hedi yokha ndi yotsikirapo mtengo kuposa kumasula injini yonse. Masilinda awiri oyandikana akatsika limodzi, kawirikawiri gasiketi yapsa pakati pawo. Makaniko amene akukuuzani za overhaul koma alibe geji imeneyi, pitani kwa wina akaonenso.

Pali zizindikiro ziwiri zomwe sizifuna kuzengereza. Nyali ya oyilo ikamaphethira injini itatentha, ikulira galimoto itaima, ndiponso kukamamveka kugogoda kolemera pansi pa injini komwe kumakula mukaponda moto, zimitsani. Mukapitiriza kuyenda injini inoka, ndipo yomwe ikanakonzedwa isanduka ya sikirapu.

Injini ikapezeka kuti yathadi, njira zilipo ziwiri. Overhaul imakhala yabwino ngati pali malo odalirika ogaya hedi ndi kiranki, makaniko waukhondo wogwiritsa ntchito sipanala yoyezera kumanga kwa mabauti, ndi masipeya enieni. Chimodzi mwa zitatuzi chikasowa, pakatha miyezi yochepa utsi umabwereranso. Njira ina ndi kugula injini yathunthu yogwiritsidwapo kale ntchito. Pa injini zofala monga 1NZ ya malita 1.5, yomwe ili mu Corolla ya m'ma 2000, Probox ndi Sienta, kapena 2NZ ya malita 1.3, njira iyi nthawi zambiri imakhala yachangu. Pogula, suzumirani pothirira oyilo muone ngati m'kati muli phala lakuda, gwirizanani ndi wogulitsa masiku oti mukhoza kuibweza, ndipo zilembedwe pa lisiti pamodzi ndi nambala ya injiniyo. Lisitilo mudzalifuna pokasinthitsa nambala ya injini ku Road Traffic, komanso limakutetezani ngati injiniyo inali yakuba.

4. Giyabokosi ndi magetsi

Ngati ndi ya manyuwale, mwapeza bwino. Kilachi ikamaseleleka ndi chinthu chomwe chimatha ngati mapadi a mabuleki, ndipo si chifukwa chogulitsira galimoto.

Ya otomatiki imafuna chidwi. Oyilo wa giyabokosi wabwino amakhala wofiirira, wosanunkha. Wakuda wonunkha ngati chinthu chopsa akusonyeza kuti m'kati mwadyeka. Injini itatentha, pondani buleki muike pa D, kenako pa R. Giya ikamachedwa kugwira kenako n'kugunda, kapena injini ikamalira kwambiri galimoto osathamanga, konzekerani. Magalimoto ambiri ang'onoang'ono omwe abwera zaka zino, monga Honda Fit, Vitz yoyambira 2005 ndi Sienta zambiri, ali ndi mtundu wina wa giyabokosi ya otomatiki wotchedwa CVT. Imeneyi imafuna oyilo wakewake, ndipo zambiri zafa chifukwa wina anathiramo oyilo wa otomatiki wamba. Amakaniko oimasula n'kuikonza bwino ndi ochepa, choncho ikafa muwerengere mtengo wogula ina yathunthu.

Lamulo langa ndi ili: injini yokha kapena giyabokosi yokha, pa bodi yabwino, konzani. Zonse ziwiri zikafa nthawi imodzi pa galimoto yaing'ono yotsika mtengo, masamu ake sakonda kutuluka.

Za magetsi, lumikizitsani kompyuta yowerengera zolakwika, makamaka ngati nyali ya injini ikuyaka kapena wina anaizimitsa pochotsa babu. Alternator ndi sitata zimakonzedwa mosavuta. Choopsa ndi mawaya omwe amakaniko osiyanasiyana akhala akudula n'kulumikiza ndi tepi poika alamu, wailesi ndi nyali zowonjezera. Mafyuzi akamapsa pafupipafupi ndipo wina anaikapo waya m'malo mwa fyuzi, galimoto imeneyo ikhoza kuyaka moto. Mankhwala ake ndi kugula mtolo wonse wa mawaya kuchokera ku galimoto ina ya mtundu womwewo.

5. Kodi masipeya ake akupezeka?

Tengani tsiku limodzi muyende nokha ku Ndirande kapena ku Limbe ngati muli ku Blantyre, ku Biwi ngati muli ku Lilongwe. Funsani mitengo ya zinthu zisanu: pampu ya madzi, shoko yakutsogolo, ball joint, nyali yakutsogolo ndi galasi lakutsogolo. Mukazipeza zonse tsiku lomwelo m'mashopu angapo, galimoto yanu ili ndi tsogolo. Akamakuuzani kuti mudikire munthu wochokera ku Johannesburg kapena ku Dar es Salaam, dziwani kuti kuwonongeka kulikonse kudzakhala kuimika galimoto milungu.

Apa ndi pomwe Corolla yakale ya injini ya 5A imapambana magalimoto ambiri okongola a ku Ulaya. Makaniko wa pa Jenda kapena pa Ntcheu amaidziwa, ndipo chomwe chasowa m'shopu chimapezeka pa ina yomwe inagwa pangozi. Kufala kwa galimoto ndi chuma chomwe sichioneka pa mtengo wake.

Chenjerani ndi masipeya achinyengo. Bokosi lolembedwa dzina la kampani si umboni. Pa zinthu zomwe zikafa zimapha injini kapena munthu, monga lamba wa timing, pampu ya oyilo, mapadi a mabuleki ndi ma ball joint, gulani kwa wogulitsa wodziwika ngakhale mtengo ukwere. Nthawi zina chogwiritsidwapo kale ntchito koma chenicheni chimakhalitsa kuposa chatsopano chotchipa.

6. Pezani mtengo weniweni wa galimoto inayo

Mtengo womwe mumaona pa foni pa masamba ogulitsa magalimoto a ku Japan ndi chiyambi chabe. Pamwamba pake pali mtengo wa sitima mpaka ku Dar es Salaam, zolipira padoko, wokuchotserani galimoto, dalaivala ndi mafuta a ulendo wa makilomita oposa 1,500 kukafika ku Lilongwe kudzera pa Songwe, kenako msonkho wa MRA. Msonkhowu umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, ndipo malamulo ake amasintha, choncho funsani ku MRA kapena kwa ejenti wovomerezeka musanatumize ndalama, osati galimoto itafika kale pachipata. Mukatero pali kulembetsa, nambala, COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ndi inshulansi.

Zambiri mwa izi zimalipiridwa m'madola kapena zimatsatira dola. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo ndalama zakunja zakhala zikusowa m'mabanki. Masipeya nawo anakwera, n'zoona, koma pa ntchito yokonza gawo lina ndi la manja a makaniko, lomwe mumalipira m'makwacha, pomwe galimoto yoitanitsa pafupifupi yonse ndi ya ndalama zakunja. N'chifukwa chake langizo lomwe limamveka kawirikawiri, loti musakonze galimoto ndi ndalama zopitirira theka la mtengo wake, ine sindiligwiritsa ntchito kuno. Linapangidwira maiko omwe galimoto ina imapezeka motchipa ndipo makaniko ndiye wodula. Kwathu kuno zinthu zili mosemphana.

Galimoto yongofika kumene imafunanso zake musanaidalire. Oyilo ndi mafyuluta onse musinthe. Ngati injini yake ndi ya lamba wa timing ndipo palibe umboni wa tsiku lomwe anasinthidwa, musinthe. Zina zimabwera ndi matayala a m'chisanu, ofewa, omwe amatha msanga pa phula lotentha la ku Chikwawa kapena ku Salima. Zaka za tayala zimalembedwa m'mbali mwake ndi manambala anayi: 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Batire nthawi zambiri imakhala yotopa. Ngakhale wailesi imafuna kachipangizo kowonjezera, chifukwa mawailesi ambiri a m'magalimoto a ku Japan amalekezera pa 90 FM. Zonsezi zilowe m'kope.

Ndipo makilomita olembedwa pa dashibodi musawakhulupirire msanga. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pemphani pepala la ku okushoni komwe galimotoyo inagulidwa ku Japan, pomwe giredi R imatanthauza galimoto yomwe inachitapo ngozi n'kukonzedwa, ndi satifiketi yotulutsira galimoto ku Japan, yomwe imasonyeza makilomita omwe analembedwa pa nthawi zoyezedwa zapitazo. Nambala ya pa satifiketi ikakhala yaikulu kuposa ya pa dashibodi, wina anabweza mita. Ngati mukugula ya m'dziko momwemuno, ichitireni mayeso onse a sitepe 2, 3 ndi 4, ndi makaniko wanu osati wa wogulitsa.

7. Ikani manambala pamodzi

Pezani mitengo yolembedwa kuchokera kwa amakaniko awiri kapena atatu, masipeya paokha, ntchito payokha. Pa chiwerengero chomwe mwapeza onjezani gawo limodzi mwa magawo atatu, chifukwa galimoto yakale ikamasulidwa pamatuluka zina zomwe sizimaoneka.

Manambala otsatirawa ndi ongoyerekezera, inu muikepo anu. Tinene kuti kukonza zonse, injini, miyendo, mabuleki ndi matayala, kukufuna K5 miliyoni, ndipo makaniko amene mumamukhulupirira akuti ikatero ikhoza kuyenda zaka 4 popanda ntchito ina yaikulu. Ndiye kuti ikukudyerani K1.25 miliyoni pachaka. Galimoto inayo, zonse za mu sitepe 6 zitawerengedwa, ikufika K22 miliyoni, ndipo yanuyo mmene ililimu angaigule K6 miliyoni. Muyenera kupeza K16 miliyoni. Ikakutumikirani zaka 8, ndi K2 miliyoni pachaka. N'zoona kuti pakutha pa zakazo idzakhala ndi mtengo woposa wa yakaleyo, ndipo zimenezo muziikemo. Koma ngati K16 miliyoniyo ndi ngongole ya ku banki, onjezani chiwongoladzanja chonse cha zaka zomwe mudzakhale mukubweza. Pa chiwongoladzanja cha masiku ano, pamenepo pokha nkhani imatha. Za katapila musayerekeze n'komwe.

Mafuta nawo muwawerengere moona. Dzazani thanki, yendani, dzazaninso, mugawe makilomita ndi malita. Ngati yanu imayenda makilomita 10 pa lita ndipo inayo 15, munthu woyenda makilomita 12,000 pachaka apulumutsa malita 400. Chulukitsani ndi mtengo wa lero wa petulo. Kwa woyenda pang'ono m'tauni, ndalama zimenezi sizifika pobweza mtengo wa galimoto. Kwa wa takisi yemwe amayenda tsiku lonse, zikhoza kusintha yankho. Magalimoto a hybrid monga Aqua ndi Prius amamwa pang'ono zedi, koma funsiranitu mtengo wa batire yake yaikulu ndi komwe kuli munthu woidziwa.

8. Zomwe kope silingakuuzeni

Pali zifukwa zabwino zosiyira galimoto ngakhale masamu akuti konzani. Banja lakula ndipo ana akukhala mopanikizana opanda malamba. Mwasamukira komwe msewu wake nthawi ya mvula umafuna galimoto yaitali. Mumayenda pa M1 usiku kawirikawiri ndipo galimoto yanu ilibe ma airbag kapena ABS (yoletsa matayala kukhuma mukaponda buleki mwamphamvu). Chifukwa chomalizachi ndimachilemekeza kwambiri, pakuti palibe makaniko amene angaonjezere chitetezo chomwe galimoto sinapangidwe nacho. Ngati galimotoyo ndiyo imakudyetsani, werengeraninso ndalama zomwe mumataya tsiku lililonse lomwe ili pa galaja.

Manyazi okha si chifukwa. Penti yosuluka ndi mipando yong'ambika zimakonzedwa ndi ndalama zochepa poyerekeza ndi ngongole ya zaka zitatu.

9. Mukasankha kukonza

Tsatani dongosolo, chifukwa ndalama zikhoza kuthera panjira. Yambani ndi zoteteza moyo: mabuleki, chiwongolero, ma ball joint, matayala, nyali ndi malamba. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi, choncho ngati papita zaka zoposa ziwiri asinthidwe onse. Kenako zoziziritsa injini: radiyeta, mapaipi ake, pampu ya madzi, fani ndi thermostat (kavavu kosunga kutentha koyenera kwa injini). Amakaniko ambiri amachotsa thermostat n'kuitaya poti kuno n'kotentha. Ibwezeretseni, chifukwa injini yomwe imachedwa kutentha imamwa mafuta ambiri ndipo imadyeka msanga. Mu radiyeta muzithira coolant, madzi a pampopi okha amabweretsa dzimbiri. Ndipo kuika injini yabwino pa radiyeta yotsekeka ndi kuipha dala. Zikatha izi ndiye injini ndi giyabokosi, kenako mashoko ndi mabushi. Penti ndi mipando zikhale kumapeto.

Ngati injini yanu ndi ya lamba wa timing, monga 5A, lambayo amasinthidwa pa makilomita pafupifupi 100,000, ndipo ndi nzeru kusinthira limodzi pampu ya madzi ndi masilo (timphira totsekera oyilo) a kutsogolo popeza pamakhala pomasula kale. Injini ya 1NZ ili ndi tcheni, chomwe chimakhalitsa ngati oyilo amasinthidwa pa nthawi yake.

Ndi makaniko, gwirizanani zonse galimoto isanamasulidwe: ntchito yake, mtengo, ndi tsiku lomaliza. Masipeya mukagule limodzi kapena mugule nokha atakulemberani manambala ake. Lipirani m'magawo, ndipo gawo lomaliza likhale la pambuyo poti mwaiyendetsa. Chilichonse chomwe chachotsedwa akubwezereni m'manja. Musapereke galimoto ndalama zisanakwane, chifukwa galimoto yomwe yakhala pa galaja miyezi itatu ikudikira ndalama imayamba kusowa tizinthu, lero relay, mawa sensa. Ndi bwino kusonkhanitsa masipeya kunyumba mwezi ndi mwezi, zikakwana n'kuipereka kamodzi. Lembani nambala ya batire ndi ya matayala, jambulani injini ndi foni, ndipo muzipitako osanena.

Injini ikachitidwa overhaul, makilomita 1,000 oyamba muyende mofatsa, osanyamula katundu wolemera, kenako musinthe oyilo ndi fyuluta. M'milungu yoyambayo m'mawa uliwonse yang'anani dipisitiki, madzi ndi pansi pomwe galimoto inagona.

10. Mukasankha kugulitsa

Musagulitse musanadziwe bwinobwino galimoto yomwe mukugula ndi mtengo wake wonse. Mitengo imayenda, ndipo ndalama zokhala m'thumba zimapeza maliro, fizi ndi feteleza. Ambiri anagulitsa ali ndi chiyembekezo cha ina, mpaka lero akukwera minibasi.

Musapake penti kapena kuchita overhaul pofuna kukweza mtengo, ndalamazo sizibwerera zonse. Itsukeni, konzani tinthu tating'ono monga mababu ndi magalasi, ndipo wogula mumuuze matenda ake poyera. Ngati bodi ndi yovunda kapena chasisi inapindika, igulitseni ngati ya masipeya kwa omwe amaphwasula magalimoto, osati kwa munthu woti azinyamuliramo ana ake.

Lemberanani kalata ya malonda yokhala ndi nambala ya chasisi, nambala ya injini, mtengo, tsiku ndi mboni. Kusintha umwini mukachite limodzi ndi wogulayo ku Road Traffic, nokha, osadzera mwa madobadoba, ndipo blue book muipereke ndalama zonse zitalowa. Galimoto ikatsala m'dzina lanu, tsiku lomwe idzachite ngozi kapena kugwidwa ndi katundu woletsedwa apolisi adzayambira pakhomo panu. Mukatero dziwitsani a inshulansi kuti galimotoyo si yanunso.